Galimoto yogona pa njerwa ndi dzina lake m'kaundula wa boma

Kuseri kwa nyumba zina za m'chigwa cha Shire, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ngakhalenso pa boma la Nsanje, kuli magalimoto akale amene anaimikidwa pa njerwa zaka zambiri zapitazo. Ena ndi mapikapu a Peugeot 404 amene ankanyamula thonje kupita kumsika, ena ndi ma Land Rover amene ankadula matope a ku East Bank nthawi ya dzinja, ndipo ena ndi timagalimoto ta Datsun timene aphunzitsi ndi makalaliki anagula ndi ndalama za penshoni. Matayala anaphwa kalekale, nkhuku zimaikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala, koma mukafunsa mwini wake ngati akugulitsa, amakana ndi mtima wonse, nanena kuti adzaikonza ndalama zikadzapezeka.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi nkhani zimene zimamveka zakuti munthu wina anapita kukakonzetsa mapepala a galimoto yake yogona, n'kupeza kuti nambala yake ili m'dzina la munthu wina, kapena kuti galimoto ina yofanana nayo ikuyenda mumsewu ndi nambala yomweyo. Funso limakhala lakuti zimenezi zingatheke bwanji pamene galimotoyo sinasunthepo pabwalo. Yankho lake lagona pa mfundo yakuti galimoto imakhala malo awiri nthawi imodzi. Chitsulo chake chili pakhomo, pamene agalu ndi loko amachilondera, koma dzina lake lili m'kaundula wa boma, kutali ndi maso a mwini wake.

Kulembetsa galimoto kumatanthauzanji

Kulembetsa galimoto ndiko kuilowetsa m'kaundula wa boma, kuti boma lidziwe kuti galimoto ya mtundu wakuti, yokhala ndi nambala yakuti ya chassis (chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse), ikusungidwa ndi munthu wakuti amene amapezeka kwakuti. Mchitidwewu unayamba magalimoto atangoyamba kuchuluka ku Ulaya. Mzinda wa Paris unayamba kulamula kuti magalimoto azikhala ndi nambala mu 1893, ndipo dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lotere mu 1903. Cholinga cha malamulo oyambirirawo sichinali kuteteza chuma cha eni magalimoto. Boma linkafuna kudziwa munthu womugwira galimoto ikagunda munthu n'kuthawa, komanso munthu womulipiritsa msonkho. Chiyambi chimenechi ndi chofunika kuchikumbukira, chifukwa chimafotokoza chifukwa chimene kaundula amasamala kwambiri za munthu woyankha mlandu wa galimoto kuposa za munthu amene anaigula ndi thukuta lake.

Kuno kwathu nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo kaundula ali m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene aliyense amangoitchula kuti Road Traffic. Kale zonse zinkalembedwa m'mafayilo a mapepala. Kenako kunabwera makompyuta a MalTIS, ndipo mu 2015 makinawa anakonzedwanso kuti azitenga zidindo za zala ndi chithunzi cha munthu aliyense wochita nkhani za galimoto, amene amapatsidwa khadi lotchedwa Traffic Register Card. Zilembo za pa nambala zimasonyeza boma limene nambalayo inaperekedwera, monga CK ya Chikwawa ndi NE ya Nsanje, pamene magalimoto akale ambiri a kuno akadali ndi nambala zoyamba ndi B zimene zinkaperekedwa ku Blantyre.

Kaundulayu tingamuyerekeze ndi buku la nyakwawa lolembamo mabanja a m'mudzi. Bukulo limanena zimene mlembi anauzidwa tsiku limene analemba. Munthu akasamukira kwina osatsanzika, bukulo limapitirirabe kunena kuti ali pamudzi, ndipo wina akabwera ndi nkhani yomveka n'kulembetsa zosiyana, bukulo limayamba kunena zatsopanozo mpaka atapezeka wotsutsa.

Blue book ndi umwini si chinthu chimodzi

Apa ndi pamene pagona chisokonezo chachikulu, choncho tikhalitsepo. Chikalata chimene munthu amalandira akalembetsa galimoto timachitcha blue book, ndipo m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku timati amene ali ndi blue book ndiye mwini galimoto. Mawuwa ali ndi choonadi chake, chifukwa dzina lolembedwa pa blue book ndi umboni wamphamvu ndipo wapolisi pamsewu sayang'ana kupyola pamenepo. Komabe umwini weniweni umabadwa kwina. Umabadwa pa kugula, pa kupatsidwa ngati mphatso, kapena pa kulandira chuma chamasiye motsatira lamulo. Blue book imangobwera pambuyo kudzachitira umboni zimene zinachitika kale.

Ku Britain nkhaniyi anaimasula poyera. Chikalata chawo, chotchedwa V5C, chimene chimaperekedwa ndi ofesi ya DVLA ku Swansea, chili ndi mawu olembedwa pamwamba penipeni onena kuti chikalatacho si umboni wa umwini, koma chimangosonyeza munthu amene ali ndi udindo wolembetsa galimotoyo ndi kuilipirira msonkho. Kuno kwathu kusiyanaku timakuona munthu akagula galimoto pa ngongole ya ku banki. Iye ndiye amaiyendetsa ndipo ndiye amalipira chindapusa akalakwitsa pamsewu, koma sangaigulitse popanda chilolezo cha banki mpaka ngongole itatha.

Anthu a m'chigwa sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa ndi nkhani yomweyo ya ng'ombe zoikiza. Munthu wa ku Ngabu akhoza kukhala ndi ng'ombe makumi atatu m'khola mwake, mlangizi wa ziweto n'kuzilemba zonse pa dzina la khola lakelo, koma mudzi wonse ukudziwa kuti zisanu mwa izo ndi za mlongo wake amene ali ku Blantyre. Ng'ombezo zikadya mapira m'munda mwa eni, mwini khola ndiye amakayankha kwa amfumu. Koma akagulitsa ng'ombe ya mlongo wake kwa a butchala, kulembedwa m'buku la mlangizi sikumusandutsa mwini wake.

Lamulo la malonda limayenderanso mfundo yomweyo. Mfundo yakale imene ili m'lamulo la Sale of Goods Act ndi yakuti munthu sangapereke kwa wogula umwini umene iye mwini alibe, ngakhale kuti lamulolo lili ndi malo ena ochepa pamene limateteza wogula amene anagula mosadziwa. Choncho munthu amene wapeza blue book ya galimoto ya mnzake mwachinyengo sanapeze umwini. Zimenezi zikumveka zotonthoza, koma chitonthozo chake chili ndi malire. Amene dzina lake lili m'kompyuta ndi amene amakhulupiriridwa koyamba, ndipo mwini weniweni ndi amene amayenera kukwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre kangapo, kufuna loya, ndi kusonkhanitsa mboni kuti atsimikize chimene iye ankachiona ngati chodziwikiratu. Nthawi zina ndalama za mlandu zimaposa mtengo wa galimotoyo.

Nambala ya chassis, chizindikiro cha pathupi

Nambala ya pa puleti ndi dzina lopatsidwa, ndipo puleti imamasulidwa ndi sikuludalaivala m'mphindi ziwiri. Chimene chimasiyanitsa galimoto ndi inzake ya mtundu umodzi ndi nambala ya chassis, imene kampani yopanga inadinda pa chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse, n'kuilembanso pa kachitsulo kakang'ono kokhomedwa pafupi ndi injini kapena pakhomo la dalaivala. Injini nayo ili ndi nambala yakeyake. Ndi chimodzimodzi chizindikiro chowotcha pa ntchafu ya ng'ombe, chimene chimatsala ngakhale ng'ombeyo itasinthidwa dzina ndi khola.

Kuyambira cha mu 1981 magalimoto ambiri padziko lapansi amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, yotchedwa VIN, ndipo mu nambala imeneyi simupezeka zilembo za I, O ndi Q, poopa kuti zingasokonezedwe ndi 1 ndi 0. Magalimoto opangidwa chaka chimenecho chisanafike ali ndi nambala zazifupi, kampani iliyonse ndi kalembedwe kake. Magalimoto amene tikunena pano ambiri ali m'gulu limeneli. Peugeot 404 inayamba kupangidwa mu 1960, Peugeot 504 mu 1968, ndipo Land Rover ya Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Nambala yaifupi yolembedwa ndi dzanja m'fayilo yakale ndi yosavuta kuikopera molakwika poilowetsa m'kompyuta, ndipo chilembo chimodzi cholakwika chimakwanira kuti galimoto ya pabwalo ndi galimoto ya m'kaundula zioneke ngati ziwiri zosiyana.

Akuba amafuna dzina la galimoto yogona pa chifukwa chomveka. Galimoto yobedwa, kapena yolowa m'dziko mozemba msonkho wa MRA, singayende poyera popanda mapepala. Njira imodzi yoipezera mapepala ndiyo kuiveka nambala ya galimoto ina ya mtundu womwewo imene ikudziwika kuti siikuyenda, ndipo galimoto yogona kuseri kwa nyumba ku Bangula ndi yoyenera ntchitoyi kuposa ina iliyonse, popeza palibe tsiku limene ziwirizo zidzakumane pa rodibuloko imodzi. Kachitsulo ka nambala kamagwidwa ndi timisomali tiwiri kapena tinayi, moti munthu wobwera ngati wofuna kugula zitsulo zakutha akhoza kukazula mwini nyumba ali kumunda. Vutoli ndi lodziwika m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa, n'chifukwa chake galimoto yochokera kunja imafunika chilolezo cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ndipo apolisi a m'maiko a m'chigawochi amagwirira ntchito limodzi kudzera m'bungwe la SARPCCO, limene linakhazikitsidwa mu 1995, komanso kaundula wa INTERPOL wa magalimoto obedwa. Chigwa chathu chili m'malire ndi Mozambique kum'mawa, kumadzulo ndi kum'mwera, ndipo chipata cha m'malire cha Marka sipatali.

Pali mdani wina wa nambala ya chassis amene si munthu. Madzi osefukira a Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anasiya matope m'malo ambiri a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo matope akauma m'kati mwa chassis amasunga chinyezi chimene chimadya chitsulo pang'onopang'ono. Land Rover yakale ndiyo imanyenga kwambiri, chifukwa thupi lake ndi la aluminiyamu amene sachita dzimbiri. Kunja imaoneka yolimba, koma chassis yake ndi yachitsulo wamba, ndipo nambala imadindidwa kutsogolo, pafupi ndi pamene pamagwira sipuling'i, pamalo pamene matope amakhazikika. Ndinaonapo makaniko wina atagona chagada pansi pa galimoto yotere, akupala dzimbiri ndi burashi ya waya, kenako n'kupakapo choko kuti manambala aoneke. Anawerenga asanu, achisanu ndi chimodzi anali ngati 3 komanso ngati 8, ndipo otsalawo anali atagwa pamodzi ndi dzimbiri. Blue book ya galimotoyo inatuluka m'sutikesi yachitsulo, chiswe chitadya ngodya yeniyeni pamene panali nambalayo.

Galimoto ikagona, kaundula amadziwa chiyani

Galimoto yoyenda imaonekera ku boma chaka ndi chaka, chifukwa mwini wake amakaiyezetsa kuti apeze COF, chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino kuyenda pamsewu, ndiponso amailipirira inshulansi. Ulendo uliwonse wotere umasiya phazi m'kaundula. Galimoto ikaimikidwa mapazi amenewa amatha, ndipo anthu ambiri oimika galimoto sakanena kulikonse, chifukwa saona chifukwa chowonongera thiransipoti pa galimoto yosayenda. Pakapita zaka khumi ndi zisanu, adiresi imene ili m'fayilo imakhala bokosi la positi la kampani imene munthuyo anapumako ntchito kalekale, mwinanso munthuyo anamwalira.

Zimene dziko la Britain linachita pa nkhaniyi zimathandiza kuona mbali zonse za vutoli. Kuyambira 1998 munthu woimika galimoto kumeneko amayenera kudziwitsa DVLA kudzera m'chilengezo chotchedwa SORN, chimene chimanena kuti galimotoyo ilipo, ili ndi woisunga, koma siikuyenda pamsewu wa boma. Poyamba chilengezochi chinkabwerezedwa chaka chilichonse, koma kuyambira kumapeto kwa 2013 chimachitika kamodzi kokha. Kumeneko munthu amene ali ndi galimoto yopanda chikalata akhoza kupempha V5C yatsopano podzaza fomu ya V62, ndipo DVLA imalembera kalata munthu amene ali m'kaundula kuti anene ngati akutsutsa. Njirayi inakonzedwera ogula oona mtima amene sanapatsidwe chikalata, koma mphamvu yake yonse yagona pa kalata imodzi ija. Ngati mwini galimoto anasamuka osasintha adiresi, kalatayo imagwera m'nyumba ya eni, palibe woyankha, ndipo chikalata chikhoza kuperekedwa kwa wopemphayo. Ichi n'chifukwa chake anthu osunga magalimoto akale kumeneko amalangizana kuti adiresi ya m'kaundula ikhale yolondola nthawi zonse ndi kuti SORN ikhale m'dzina lawo.

Pali phunziro linanso la kumeneko lokhudza kusamuka kwa kaundula kuchoka pa mapepala kupita m'kompyuta. Ntchitoyi itayamba m'zaka za m'ma 1970, eni magalimoto anapatsidwa mpaka 1983 kuti asinthitse mabuku awo akale. Magalimoto ambiri amene anali m'mashedi pa nthawiyo sanalowe m'kompyuta, ndipo nambala zawo zinasowa m'kaundula. Pambuyo pake anakonza njira ya fomu ya V765, imene imalola munthu kupempha nambala yoyambirira ya galimoto yake ngati ali ndi umboni wakale, monga buku lakalelo, ndipo kalabu ya eni magalimoto a mtunduwo yatsimikiza kuti galimotoyo ndi yomweyo. Kumeneko nambala yakale payokha ikhoza kukhala yodula kuposa galimoto, ndiye chifukwa china chimene anthu amaikhumbira. Kuno msika wa nambala si waukulu chotero, koma funso la kusamuka kwa kaundula likutikhudza. Galimoto imene inagona 2015 isanafike, ndipo mwini wake sanakatengepo Traffic Register Card, ndi yoyenera kukaifufuza kuti mbiri yake m'kompyuta ikuoneka bwanji komanso yalumikizidwa ndi munthu uti.

Ndani angabwere kudzati galimotoyi ndi yanga

Mbala imene tafotokoza kale ndi imodzi chabe mwa anthu otere, ndipo mwina si imene imabwera kawirikawiri. Nthawi zambiri wodzati galimoto ndi yake amakhala munthu wodziwika pakhomopo, amene ali ndi zifukwa zimene iye amaziona kuti ndi zachilungamo.

Woyamba ndi wachibale. Mwini galimoto akamwalira, dzina lake limatsalabe pa blue book, ndipo chikalatacho chimakhala m'manja mwa amene anafika msanga pa sutikesi. M'chigwa muno nkhani ya chuma chamasiye ili ndi miyambo iwiri yokhala moyandikana, ya Asena amene amawerengera mtundu kuchimuna ndi ya Amang'anja amene amawerengera kuchikazi, ndipo mbali iliyonse ili ndi munthu amene imamuona ngati woyenera kusunga katundu wa malemu. Lamulo la Deceased Estates la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Limafunanso kuti woyendetsa chumacho akhale ndi mphamvu zochokera ku khoti kapena ku maofesi amene lamulo linawapatsa udindowu, monga a Administrator General ndi a DC. Mchimwene wa malemu amene wakhala akulondera galimotoyo zaka khumi, n'kuimangira shedi ndi ndalama zake, amaona kuti ili ndi gawo lake. Mwana wa malemu amene anali wamng'ono pa nthawi ya maliro amaonanso kuti ndi yake. Blue book payokha singathetse mkangano umenewu.

Wachiwiri ndi mwini garaja kapena mwini malo. Galimoto inapita kukakonzedwa, sipeyala inasowa, ndalama zinatha, ndipo zaka zinadutsa. Mfundo ya lamulo imalola makaniko kugwira galimoto mpaka atalipidwa ntchito imene anagwira, koma kugwira sikufanana ndi kutenga, ndipo kuti agulitse kapena kuilembetsa m'dzina lake pamafunika kudzera m'njira za lamulo. Mbali inayi, mwini garaja amafunsa kuti malo amene chitsulocho chakhala chikudya zaka zonsezi alipira ndani, ndipo funso lakelo si lopanda pake.

Wachitatu ndi wokongoza ndalama amene anapatsidwa galimoto kapena blue book ngati chikole. Kuyambira pamene lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linakhazikitsidwa, chikole cha katundu wosunthika chimatha kulembetsedwa m'kaundula wakewake, moti galimoto ikhoza kukhala ndi ngongole imene olowa m'malo saidziwa. Wachinayi ndi wogulitsa wakale kapena ana ake. Malonda ambiri a magalimoto akale anachitika pansi pa mtengo, pa kapepala kong'amba m'kope, ndipo wogula sanapite kukasintha umwini chifukwa anali ndi blue book m'manja n'kumayesa kuti zatha. Galimoto ina inadutsa m'manja anayi koma m'kaundula ikadali m'dzina la munthu woyamba. Ana a munthu woyambayo akadzamva kuti galimoto yotere tsopano ili ndi mtengo, kompyuta imakhala kumbali yawo, ndipo kapepala ka m'kope kaja kamasanduka chinthu chamtengo wapatali, ngati kakadalipo.

Zimene zimateteza dzina la galimoto

Chitetezo chonse chagona pa kuonetsetsa kuti zinthu zitatu zikunena mawu amodzi, chitsulo, pepala ndi kompyuta, ndiponso kuti kumapeto kwake kuli munthu wamoyo amene angapezeke. Chinthu choyamba ndi kukafunsa ku Road Traffic, munthu mwini wake ndi chitupa chake cha unzika, kuti mbiri ya galimotoyo ili bwanji. Ngati dzina lili la wogulitsa wakale, kusintha umwini n'kosavuta wogulitsayo akadali moyo kuposa atamwalira. Ngati lili la malemu, nkhani ya chuma chamasiye iyenera kutha kaye kuti dzina lisinthidwe mwalamulo. Ntchito imeneyi si yotumira madobadoba, chifukwa kupereka blue book yeniyeni kwa munthu wapakati ndiko kupereka chinthu chomwecho chimene mukufuna kuteteza.

Chachiwiri ndi umboni wa umwini woima pawokha popanda blue book. Kalata yogulitsirana yokhala ndi tsiku, mtengo, nambala ya chassis ndi mboni ziwiri, malisiti a sipeyala, madisiki akale a COF ndi inshulansi, mapepala a MRA ngati galimotoyo inachokera kunja, ngakhalenso zithunzi za paukwati zoonetsa galimotoyo ndi nambala yake, zonsezi zimamanga mbiri imene wachinyengo sangaipeke mosavuta. M'dera limene madzi amalowa m'nyumba usiku, mapepala otere amayenera kujambulidwa pa foni, kuchititsidwa fotokope yotsimikizidwa ndi wolumbiritsa anthu, ndipo kope imodzi ikasungidwe kumtunda kwa wachibale wodalirika. Blue book isasungidwe m'galimoto momwemo, pakuti wotenga galimoto amakhala watenga zonse ziwiri. Ikatayika kapena ikapita ndi madzi, kukanena kupolisi ndi kupempha ina msanga kumatseka mpata woti wina adzaipemphe m'malo mwanu.

Chachitatu ndi nambala ya pa chitsulo. Ijambulidwe bwino pamene ikuwerengeka, pamalopo patsukidwe ndi kupakidwa girisi, ndipo pasawotcheredwe kapena kupalidwa ndi makina, chifukwa nambala yooneka ngati yakhudzidwa imabweretsa mafunso a apolisi ngakhale kwa munthu wosalakwa. Injini ikasinthidwa, monga zimachitikira anthu akamaika ya dizilo m'galimoto yakale ya petulo, kusinthako kumayenera kulembetsedwa. Anthu ena osunga magalimoto otere amamasula mapuleti n'kuwasunga m'nyumba, ndipo pojambula galimoto kuti aiike pa Facebook amabisa nambala. Kwa ine kubisa nambala ya puleti n'kothandiza pang'ono chabe, popeza aliyense wodutsa pamsewu ankaiona kale, koma nambala ya chassis ndi chithunzi cha blue book siziyenera kutumizidwa kwa munthu wosadziwika amene wangoimba foni kuti akufuna kugula.

Galimoto ikasungidwa pa malo a munthu wina, pakhale kalata yonena kuti yaikizidwa, sinagulitsidwe ndipo sinaperekedwe, yotchula ngati pali malipiro a malo, yosainidwa pamaso pa nyakwawa kapena mboni zina. Pa chibale kalata yotere imaoneka ngati kusakhulupirirana, koma amene amadzakangana kawirikawiri si awiri amene anagwirizanawo, ndi ana awo. Mwini galimoto amene analemba wilo n'kuitchulamo ndi nambala yake ya chassis amakhala wawachotsera anawo mtolo waukulu.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba ndi la mwini malo. Kodi munthu ayenera kusunga chitsulo cha mnzake mpaka liti, ngati mwini wakeyo anasowa osasiya adiresi? Amene amati umwini suola ali ndi mfundo, koma amene amati katundu wosiyidwa ayenera kukhala ndi njira yofulumira yomutulutsira ali ndi mfundonso, ndipo njira iliyonse yofewetsera mwini garaja woona mtima imafewetseranso wachinyengo.

Lachiwiri ndi la galimoto yomwe. Ngati chassis yadyedwa ndi dzimbiri la madzi osefukira n'kusinthidwa, injini n'kuchokera m'galimoto ina, zitseko n'kugulidwa ku Ndirande, kodi imeneyo ikadali galimoto yolembedwa pa blue book ija? Ndipo ngati munthu mmodzi ali ndi chassis yakale, wina ali ndi thupi ndi mapepala, dzina litsate uti? Ngakhale m'maiko amene ali ndi makalabu akuluakulu a magalimoto akale, funso limeneli limakanganitsabe anthu.

Lachitatu ndi la mtunda ndi ndalama. Zidindo za zala zimatseka njira ya munthu wonamizira kukhala mwini galimoto, koma zimafunanso kuti gogo wa ku Makhanga, amene msewu wake umaduka dzinja lililonse, akaonekere yekha ku ofesi chifukwa cha galimoto yosayenda. Kodi chilengezo chophweka chonena kuti galimoto yagona, chochitika pa foni kapena pa boma, chingateteze anthu otere, kapena chingangokhala chindapusa china chodikira osauka amene sanamve za lamulolo? Pomaliza pali funso la umboni wa kumudzi, lakuti mawu a nyakwawa ndi a mboni zimene zinaona ndalama zikuwerengedwa pansi pa mtengo mu 1988 ayenera kulemera bwanji akakumana ndi dzina lina lotuluka m'kompyuta.